Pongal, Uttarayan, Lohri kapena pakhomo pompano: banja lisankhe chiti Januwale akafika?

Pakati pa Januwale, pa 14 kapena pa 15, Ahindu amakhala ndi chikondwerero chimene dzina lake lalikulu ndi Makar Sankranti. Zikondwerero zawo zambiri zimatsata mwezi, n'chifukwa chake masiku ake amasinthasintha, koma ichi chimatsata dzuwa ndipo sichisuntha kwenikweni. Ku India imakhala nyengo yozizira, mpunga ndi nzimbe zangokololedwa m'madera ambiri, ndipo dera lililonse lili ndi dzina lake ndi kachitidwe kake. Ku Tamil Nadu amati Pongal, ku Gujarat amati Uttarayan, ku Punjab amayamba usiku wa pa 13 ndi Lohri.

Ndikulembera inu amene munakwatira kapena kukwatiwa m'banja la Chihindu, inu amene mwana wanu ali pasukulu ku India ndipo anzake akuitanani, ndi inu amene mumagwira ntchito kumeneko ndipo mukufuna kuti banja likupezeni nthawi imeneyi. Simungakhale ku Madurai (Tamil Nadu), ku Ahmedabad (Gujarat) ndi ku Amritsar (Punjab) tsiku limodzi, ndiye muyenera kusankha.

Zoyenera kuyeza

Pali zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo. Chachiwiri ndi kapezekedwe: kodi mpando m'sitima, chipinda chogona ndi khomo lolowapo zipezeka? Chachitatu ndi ntchito yake, kutanthauza zimene manja anu ndi thupi lanu zidzagwire chikondwerero chisanafike, chili mkati, komanso chitatha. Chachinayi ndi zoopsa.

Pa zinayizi, chimene ndimachiika patsogolo ndi khomo. Ichi ndi chikondwerero cha pakhomo, cha pabwalo ndi cha padenga la nyumba ya munthu. Amene wafika ndi ndalama zambiri koma alibe banja lomulandira amangoonera ali mumsewu. Ndipo poyeza zoopsa musayang'ane wamphamvu wa m'banjamo. Yang'anani mwana wamng'ono kwambiri ndi agogo.

Zina n'zofanana pa ulendo uliwonse wopita ku India, ndiye ndizinene kamodzi. Tikiti ya ndege ndiyo imadya gawo lalikulu la ndalama, ndipo ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ambiri amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. India amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever kwa anthu ochokera kumayiko kumene matendawa amapezeka, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali pamndandandawo, choncho konzani nkhaniyi limodzi ndi viza. Kuyambira pa 1 Novembala 2024, matikiti a sitima za ku India amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60, osati 120 monga kale. Ndiye kuti mipando ya sabata ya chikondwerero imatsegulidwa chapakati pa Novembala. Komanso teremu yachiwiri ya sukulu kwathu imakhala itayamba kale, ndipo mwana wopita ku India adzajomba.

Pongal ku Tamil Nadu

Pongal ndi wa masiku anayi. Tsiku loyamba, Bhogi, anthu amasesa nyumba ndi kutentha zinthu zakale m'mbandakucha. Lachiwiri, Thai Pongal, ndiye mtima wake. Amayi amajambula maluwa pansi pakhomo ndi ufa wa mpunga, zimene amati kolam. Pabwalo amaika mafuwa, n'kutereka mphika wadothi watsopano womangidwa chomera cha tameriki m'khosi, nzimbe zitaimikidwa m'mbali. Mumphikamo amathira mkaka, ndipo aliyense amayang'anitsitsa. Ukangofufuma n'kusefukira, banja lonse limafuula kuti "Pongalo Pongal!", ndipo mumphika momwemo amaphikamo mpunga watsopano ndi mphodza ndi shuga wa nzimbe wa mibulu. Mbale yoyamba amapereka kwa dzuwa. Tsiku lachitatu ndi la ng'ombe, Mattu Pongal: amazisambitsa, kuzipaka utoto m'nyanga ndi kuziveka nkhata za maluwa. Lachinayi, Kaanum Pongal, ndi loyenderana achibale.

Mtengo: mukafika pakhomo la anthu, iyi ndiyo njira yotsika mtengo pa zonse za ku India. Mphika, nzimbe, mkaka ndi mpunga si zinthu zodula, ndipo boma la Tamil Nadu limagawanso mpunga, shuga ndi nzimbe kwa mabanja amene ali ndi makhadi olandirira chakudya. Ndalama yanu idzapita ku zovala zatsopano, poti aliyense amavala zatsopano, ndi ku mphatso za eni nyumba. Mabasi a anthu wamba amakweza mitengo kwambiri sabata imeneyi.

Kapezekedwe: apa ndi pamene pali mutu. Mzinda wa Chennai umakhuthuka, anthu kubwerera kumidzi kwawo, ndipo mipando ya sitima zopita kumwera, monga ku Madurai ndi ku Tirunelveli, imatha tsiku lomwelo imene yatsegulidwa. Boma limaonjezera mabasi apadera, ambiri onyamukira pa siteshoni ya Kilambakkam, koma kumakhala chinamtindi. Ngati akulandirani kumudzi, fikani masiku atatu chikondwerero chisanayambe. Ngati mulibe wokulandirani, dziwani kuti m'tauni masitolo ambiri amatseka, ndipo Pongal wa kuhotela ndi mbale ya mpunga wotsekemera basi.

Ntchito yake: yambiri, ndipo imagwera amayi. Kukolopa, kuchapa, kudzuka kusanache kukajambula kolam, kuphika pa nkhuni utsi uli m'maso. Mkamwini kapena mtengwa wochokera kwathu asayembekezere kukhala pampando. Ubwino wake ndi wakuti ntchitoyi si yachilendo kwa aliyense amene anakulira pa mafuwa, ndipo ana amapatsidwa zochita: kunyamula nzimbe, kuthira ufa wamitundu m'zojambula, kudyetsa ng'ombe nthochi.

Zoopsa: pakhomo n'zochepa, moto wa pabwalo ndi utsi wa m'mawa wa Bhogi, umene zaka zina umachedwetsa ngakhale ndege ku Chennai. Kuzizira kulibe, Januwale wa ku Tamil Nadu ndi wofunda bwino. Choopsa chenicheni ndi jallikattu, masewera amene anyamata amayesa kukangamira linunda la nkhunzi yolusa, otchuka ku Avaniyapuram, Palamedu ndi Alanganallur pafupi ndi Madurai. Khoti lalikulu la India linawaletsa mu 2014, anthu anachita zionetsero zazikulu pa gombe la Marina mu 2017, boma la Tamil Nadu linasintha lamulo, ndipo mu 2023 khotilo linavomereza kusinthako. Chaka ndi chaka anthu amavulala, ena kumwalira, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ongoonera amene nkhunzi yawapeza potuluka m'bwalo. Mwana wamng'ono alibe chokachita kumeneko. Onerani pa TV; mabanja ambiri a komweko amatero.

Uttarayan ku Gujarat

Ku Ahmedabad, Surat ndi Vadodara, pa 14 ndi pa 15 Januwale mzinda wonse umasamukira padenga. Nyumba za kumeneko zili ndi madenga afulati a simenti, ndipo kuyambira m'mawa banja limakhala pamwamba, masipika akulira, kumwamba kutadzaza makaiti a mapepala. Cholinga si kungouluza. Ndi kudula ulusi wa mnzako. Mmodzi amagwira ulusi, wina amagwira firki, chokulungirapo ulusi, ndipo kaiti ya denga lina ikadulidwa onse amakuwa kuti "Kai po che!" Chakudya chake ndi undhiyu, ndiwo zosakaniza za mbatata, mabiringanya, nyemba zaziwisi ndi nandolo wamuwisi, pamodzi ndi jalebi, chokazinga choviikidwa m'madzi a shuga, ndi maswiti a chitowe ndi mtedza.

Mtengo: kaiti imodzi ndi yotchipa, koma palibe amene amagula imodzi. Amagulitsa m'mitolo ya makumi awiri yotchedwa kodi, ndipo banja limamaliza mitolo ingapo. Ulusi wabwino ndiwo umadula. Chimene chimaboola thumba ndi denga. M'makwalala akale a Ahmedabad otchedwa pol, monga ku Khadia ndi ku Raipur, eni nyumba amachititsa lendi madenga awo kwa alendo pa masiku awiriwa, chakudya chili momwemo, ndipo mtengo wake umatha kuposa wa chipinda cha hotela yabwino. Amene ali ndi achibale a denga lawo salipira zimenezi.

Kapezekedwe: iyi ndiyo njira yokhayo imene mlendo wopanda wachibale angalowemo ndi ndalama, chifukwa cha madenga a lendiwo. Kuchokera ku Mumbai ndi ulendo wa pafupifupi makilomita 500, ndipo sitima ndi ndege n'zambiri. Palinso chionetsero cha makaiti cha mayiko osiyanasiyana chimene chinayamba mu 1989, ndipo masiku ano chimachitikira m'mphepete mwa mtsinje wa Sabarmati masiku oyandikira chikondwerero. N'chokongola, ana amasangalala ndi makaiti akuluakulu, koma ndi chionetsero chongoonera. Ambiri mwa Amwenye a ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, choncho ngati banja limene munalowamo ndi la kuno, n'kutheka kuti denga lilipo kale kwinakwake; funsani.

Ntchito yake: usiku wa pa 13 banja limakhala pansi kuboola makaiti ndi kumangirira tizingwe, imodzi imodzi, mpaka pakati pa usiku, ena atapita kumisika ya makaiti imene imakhala yotsegula usiku wonse. Tsiku lenilenilo ndi maola ambiri padzuwa, khosi litapenya kumwamba. Zala zimakulungidwa tepi, apo ayi ulusi umacheka. Undhiyu ndi wovuta kuphika moti mabanja ambiri amangogula, ndipo mizere pa malo ogulitsira imayamba m'mamawa. Dziwaninso kuti ku Gujarat mowa ndi woletsedwa ndi lamulo, ndipo m'nyumba zambiri za Ahindu nyama silowa.

Zoopsa: pano ndiyenera kuchedwapo, chifukwa zithunzi za makaiti siziwonetsa zimenezi. Ulusi wa makaiti, manja, umapakidwa guluu wosakaniza ndi magalasi opera kuti uzidula. Palinso wa nailoni, umene anthu amautcha wa ku China, umene suduka msanga. Bwalo loona za chilengedwe la National Green Tribunal linauletsa dziko lonse mu 2017, koma umagulitsidwabe mobisa. Ulusi woduka umalendewera m'misewu, ndipo chaka chilichonse pamamveka za anthu a pa njinga zamoto amene wawacheka pakhosi mpaka kufa. N'chifukwa chake mudzaona njinga zambiri zitamangidwa waya wopindika kutsogolo. Sabata imeneyi musakweze banja pa njinga yamoto. Chachiwiri ndi kugwa. Madenga ena ali ndi kampanda kafupi, ndipo mwana amene maso ali kumwamba amabwerera chambuyo osaona kumene akuponda. Ena amathamangira kaiti yoduka mumsewu, ena amaikokera pa mawaya amagetsi ndi chitsulo. Musanalipire denga, funsani kutalika kwa mpanda wake, ndipo mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womuyang'anira amene sakuuluza kaiti. Mbalame nazo zimachekeka mapiko, moti boma la Gujarat limachita kampeni yozipulumutsa yotchedwa Karuna Abhiyan, ndipo limapempha anthu kuti asauluze m'mamawa ndi madzulo pamene mbalame zikuchoka ndi kubwerera m'zisa.

Lohri ku Punjab

Lohri ndi usiku umodzi. Dzuwa likalowa pa 13 amayatsa chimoto pabwalo, anthu amachizungulira akuponyamo chitowe, mtedza, mbuliwuli ndi maswiti otchedwa rewri, ng'oma ya dhol ikulira, amuna akuvina bhangra, amayi gidda. Ana amayenda khomo ndi khomo kuimba nyimbo zotamanda Dulla Bhatti, munthu wa m'nthawi ya mfumu Akbar amene amakumbukiridwa kuti ankapulumutsa atsikana ogwidwa, ndipo amapatsidwa maswiti ndi ndalama. Ahindu ndi Asikh amachitira limodzi. Chakudya chake sichidzakudabwitsani: mpiru wophika mpaka kufewa, sarson da saag, ndi chapati ya ufa wa chimanga, makki di roti. Tirigu wa ku Punjab amakhala adakali wobiriwira m'munda, adzakololedwa mu Epulo; zimene zakololedwa panthawiyi ndi nzimbe.

Mtengo: kwa mlendo, wochepa, koma onjezerani majekete, zipewa ndi nsapato zotseka za banja lonse. Kwa mwini mwambo ndi nkhani ina. Lohri woyamba wa mwana wobadwa kumene kapena wa mkwatibwi watsopano umakhala phwando lalikulu, la tenti, oimba ng'oma ndi ophika aganyu, ndipo ngati mwanayo ndi wanu, gawo la bilu ndi lanu.

Kapezekedwe: Amritsar ili pafupifupi makilomita 450 kuchokera ku Delhi, ndipo mayendedwe alipo ambiri, koma Januwale ndi mwezi wa chifunga kumpoto kwa India. Sitima zimachedwa maola ambiri, ndege zimalephereka. Chikondwerero cha usiku umodzi sichikhululukira wochedwa, ndiye siyani masiku awiri apadera popita, ndi ena pobwerera kuti musaphonye ndege ya kwanu.

Ntchito yake: yochepa kwa mlendo.

Zoopsa: kuzizira. Usiku ku Amritsar kumatha kutsika mpaka pafupi ndi 0, ndipo nyumba zambiri zilibe zotenthetsera. Anthu amalowetsa mbaula ya makala, angithi, m'chipinda chotseka, ndipo chaka chilichonse ena samadzuka. Musagone ndi makala m'chipinda, ngakhale eni nyumba atanena kuti amatero masiku onse. Mpweya wa ku Delhi ndi ku Punjab umakhala woipa kwambiri m'miyezi imeneyi, ndipo wodwala mphumu kapena mtima adzavutika. Pamoto, zovala za nailoni ndi mipango yolendewera n'zoopsa.

Kukasamba ku Gangasagar kapena ku Prayagraj

Kwa Mhindu wopembedza kwambiri, Sankranti ndi tsiku losamba m'madzi opatulika: ku chilumba cha Sagar kumwera kwa Kolkata, pamene mtsinje wa Ganga umathira m'nyanja pafupi ndi kachisi wa Kapil Muni, malo otchedwa Gangasagar, kapena ku Prayagraj pamene Ganga amakumana ndi Yamuna. Mtengo wake ungakhale wotsika ngati mugona m'misasa ya oyenda ulendo wachipembedzo, ndi wokwera kwambiri m'matenti a alendo. Kapezekedwe ku Sagar kamadalira maboti owoloka kupita ku doko la pachilumbacho la Kachuberia, amene amadikira kuti madzi akwere, choncho anthu amaima maola pamzere. Ntchito yake ndi kuyenda pansi mtunda wautali ndi kulowa m'madzi ozizira m'mbandakucha. Choopsa ndi khamu la anthu mamiliyoni: kusochera kwa ana ndi okalamba, ndi kupondana. Pa 29 Januwale 2025, pa Maha Kumbh, msonkhano waukulu wachipembedzo ku Prayagraj, anthu osachepera 30 anafa popondana. Uwu ndi ulendo wa chikhulupiriro, ndipo sindingaulangize banja lofuna chisangalalo.

Kuchitira pakhomo pano, kapena ku Durban ndi ku Leicester

Mtengo: tikiti ya munthu mmodzi yopita ku India ingalipire chikondwerero cha pakhomo zaka zambiri. Mpunga wa Kilombero ndi wonunkhira bwino ndipo umakwana, mphodza, chitowe ndi mtedza zili pamsika, mphika wadothi mugula kwa woumba. Shuga wa mibulu, ghee (mafuta a batala) ndi cardamom (chokometsera) mukazipeza m'masitolo a Amwenye.

Kapezekedwe: nyengo ndi imene yatembenuka. Kwathu Januwale ndi mvula, kupalira ndi kuthira feteleza, ndipo nkhokwe zambiri zili pansi. Si nthawi yokolola kapena yozizira. Mpunga udzakhala wa chaka chatha, nzimbe zabwino n'zosowa, kaiti ya pepala ikanyowa yatha, ndipo kolam wa pabwalo mvula imamufufuta, ndiye jambulani pakhonde. Koma pali mwayi umodzi: pa 15 Januwale ndi tchuthi chokumbukira John Chilembwe, ndiye ana ali pakhomo ndipo akuluakulu sapita kuntchito. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli akachisi a Ahindu kumene mungafunse za mapemphero a tsikulo. Amene muli ku South Africa muli pabwino: Amwenye oyamba amene anafika ku Durban mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe anakwerera sitima ya pamadzi ku Madras, imene lero ndi Chennai, ndipo mpaka lero Atamil a ku Chatsworth ndi ku Phoenix, madera a ku Durban, amachita Pongal. Ku Leicester ku England, kumene mabanja ambiri a Amwenye ochokera ku Malawi anakhazikika, zonse zofunika zili m'masitolo a mu Belgrave Road, kungoti mphika udzakhala pa chitofu cha m'khitchini.

Ntchito yake: yonse ndi yanu. Palibe apongozi okuuzani nthawi yothira mpunga, palibe mudzi wonse wofuula nanu. Mabanja ambiri amaimbira achibale a ku India pa WhatsApp mphika uli pamoto. Kumbukirani kuti iwo ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye akamatereka wawo dzuwa litangotuluka, kuno kukadali mdima.

Zoopsa: pafupifupi palibe, kupatula kukhumudwa kwa amene anakulira ku India ndipo akuona kuti izi n'zoperewera. Ngati mwaitana achibale Achikhristu kapena Achisilamu, auzeni pasadakhale kuti mbale yoyamba imaperekedwa kwa dzuwa monga nsembe, kuti amene sangadye asachite manyazi pagulu. Phikani mphika wina wapadera.

Ndiye ndani atenge njira iti

Ngati muli ndi ana osakwana zaka khumi kapena agogo, ndipo pali banja la Chitamil lokulandirani, pitani ku Pongal, makamaka kumudzi, ndipo gulani matikiti a sitima tsiku lomwe atsegulidwa. Pa njira zonse za ku India, imeneyi ndi imene ndingaike patsogolo.

Ngati ana anu ndi achinyamata omva akauzidwa, kapena mulibe wachibale aliyense ku India koma mukufuna kulowa mkati mwa chikondwerero, sankhani Ahmedabad, lipirani denga la mpanda wautali, gulani ulusi wa thonje wokha, ndipo muziyenda pa galimoto.

Ngati m'banja la ku Punjab mwabadwa mwana kapena mwalowa mkwatibwi chaka chino, funso palibe: Lohri woyamba sabwereranso, ndipo kusapezekapo kwanu kudzakumbukiridwa. Wa mphumu yekha ndiye atsale. Popanda chifukwa chotero, usiku umodzi wa moto sukwanira tikiti ndi chifunga chonsecho.

Ngati apongozi analumbira kuti adzasamba ku Gangasagar asanamwalire, aperekezeni akuluakulu awiri amphamvu, ana atsale ku Kolkata.

Ngati mwana ali mu Sitandade 8 kapena Fomu 4, kapena ndalama ya tikiti ndi yomweyo ya fizi ndi feteleza, terekani mphika pakhonde pa 15, ulendo wa ku India mudzaukonze chaka chimene kulibe mayeso.